Kuchita masters ya zowerengera ndalama muli pantchito mu Lilongwe: poyambira, podutsa ndi potsirizira

Munthu wogwira ntchito yowerengera ndalama sayendera kalendala yofanana ndi ya anzake a m'maofesi ena. Mwezi ukatha, pamene ena akufunsana ngati malipiro alowa, iye amakhala akutseka mabuku, kufananitsa zimene zili m'kaundula wa kampani ndi zimene banki yalemba, kuthamangitsa malisiti a mafuta amene madalaivala sanabweze, kenaka kukonzekera kuti msonkho wa PAYE ufike ku MRA pasanadutse pa 14 ndipo wa VAT pasanadutse pa 25. Aliyense wofuna kusenza sukulu pamwamba pa ntchito yotereyi ayambire pa kalendala imeneyi. Mwa anzanga amene tinayambira limodzi digiri yachiwiri, amene anasiyira panjira anali akatswiri ndithu pa ntchito yawo. Chimene chinawagwetsa chinali kugundana kwa masiku ndiponso kafukufuku wa kumapeto amene anamuchedwera. Malangizo ali m'munsiwa ndawandanda motsata mmene zinthuzo zimabwerera.

Choyamba: dziwani pepala limene mukulifunadi

Musanafunse za fizi kapena za sukulu, dzifunseni ngati chimene mukusowa ndi masters kapena ndi ukatswiri wovomerezeka wa uakauntanti, chifukwa ziwirizi anthu amazisokoneza kawirikawiri. Lamulo la Public Accountants and Auditors Act la 2013 ndilo limayendetsa ntchitoyi m'dziko muno. Pansi pa lamuloli pali bungwe la akauntanti la ICAM (Institute of Chartered Accountants in Malawi), limene linatenga malo a bungwe lakale la SOCAM, komanso Malawi Accountants Board imene imayang'anira kagwiridwe ka ntchito. Digiri ya masters, ngakhale ichokere ku yunivesite yotchuka chotani, siyisandutsa munthu kukhala chartered accountant, ndipo siyimupatsa mphamvu yosaina lipoti la odita. Zimenezo zimadzera m'mayeso a ICAM kapena a mabungwe monga ACCA, bungwe la akauntanti la ku United Kingdom, pamodzi ndi zaka zogwira ntchito moyang'aniridwa, zimene ku ACCA ndi zitatu.

Maganizo anga ndi akuti ngati muli ndi digiri yoyamba yokha ndipo mukugwira ntchito ku kampani kapena kwa maodita, yambani mwatsiriza mayeso a ukatswiriwo. Amene ali ndi digiri yoyenera ya zowerengera ndalama amakhululukidwa mapepala ena a m'munsi, ndipo ACCA imalembetsa mayeso kanayi pachaka, mu Marichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala, kotero kuti munthu amatha kudzisankhira nyengo imene ntchito yapepukirako. Masters imapindula kwambiri kwa munthu amene ukatswiriwo ali nawo kale ndipo akufuna mpando wa mkulu wa zachuma, amene akufuna kukaphunzitsa ku yunivesite, kapena amene ali m'boma ndi m'mabungwe othandiza, omwe mu Lilongwe muno ndi ochuluka ndipo amakonda kutchula masters akamalengeza maudindo akuluakulu.

Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: kwa miyezi itatu, dulani malonda a ntchito onse a mpando umene mukuufuna m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, muwaike m'fayilo imodzi, kenaka muwerenge chimene olemba ntchito akubwerezabwereza. Fayilo imeneyo idzakuuzaninso ngati mukufunika MBA, imene imakhudza utsogoleri, malonda ndi kayendetsedwe ka anthu mopingasa, kapena masters yolunjika pa zowerengera ndalama ndi zachuma, imene imazama pa malipoti, misonkho, kafufuzidwe ka mabuku ndi kafukufuku.

Chachiwiri: fufuzani ku NCHE musanalipire ngakhale tambala

Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno, ndilo limalembetsa sukulu zaukachenjede ndi kuvomereza maphunziro ake. Apa pali msampha umene ambiri saudziwa. Kulembetsedwa kwa sukulu ndi chinthu china, kuvomerezedwa kwa pologalamu imene mukufuna kuchitayo ndi chinthu chinanso, moti sukulu itha kukhala yolembetsedwa bwinobwino pamene masters yake ina isanavomerezedwe. Funsani dzina lenileni la pologalamuyo monga lidzalembedwere pa satifiketi, ndipo mulione ndi maso anu pa mndandanda wa NCHE, osangokhutira ndi mawu a wogulitsa mafomu. Ngati sukuluyo ndi yakunja, kumbukirani kuti olemba ntchito ambiri, makamaka boma, adzafuna kuti pepala lanulo liunikidwe ndi bungwe lomweli, choncho kuli bwino kufunsiratu tsopano kusiyana ndi kudzamva zodabwitsa zaka ziwiri ndi mamiliyoni zitapita.

Malo oyambira kufunsa alipo angapo. MUBAS, imene mpaka 2021 inali Polytechnic pansi pa University of Malawi, ndi kumene akauntanti ambiri a m'dziko muno anachokera, ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Ku Kanengo kuli Malawi School of Government, imene inabadwa pophatikiza Malawi Institute of Management ndi sukulu ya ogwira ntchito m'boma ya ku Mpemba. Kuli ESAMI, sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito imene likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, kuli mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba, komanso maphunziro a patali monga a yunivesite ya UNISA ku Pretoria ku South Africa. Amene anatsiriza ACCA ali ndi mwayi winanso, chifukwa University of London ili ndi masters ya Professional Accountancy yophunzira pa intaneti imene inakonzedwera iwowo. Kulikonse kumene mwasankha, pezani munthu mmodzi kapena awiri amene anatsiriza kumeneko posachedwa, muwafunse funso limodzi lokha: kuchokera tsiku limene munapereka mutu wa kafukufuku kufika tsiku limene munavala gauni, panapita miyezi ingati? Yankho lawo lidzakuuzani zambiri kuposa kabuku kokongola ka sukuluyo.

Chachitatu: ikani kalendala ya sukulu pamwamba pa kalendala ya ofesi

Tengani pepala lalikulu, mulembe miyezi 12, ndipo muchonge masabata onse amene simungachoke pa desiki. Kwa wogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake, chaka cha ndalama chimatha pa 31 Marichi kuyambira 2022, pamene chinasinthidwa kuchoka pa 30 Juni, kotero kuti Marichi ndi Epulo ndi miyezi yotentha. Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala, ndipo maodita amadzaza ofesi mu Januwale ndi Febuluwale. Wa kumakampani a fodya ku Kanengo amadziwa kuti msika ukatsegulidwa cha mu Epulo ndiye kuti tulo tathawa, pamene wa kubungwe lothandiza amayendera malipoti a pa miyezi itatu iliyonse opita kwa opereka thandizo, aliyense ndi fomu yakeyake. Mukatha, pemphani sukulu ikupatseni masiku a maphunziro ndi a mayeso a chaka chonse, muwaike pa pepala lomwelo. Ngati mayeso a semesita agwera m'sabata yotseka mabuku a chaka, pologalamu imeneyo si yanu, ngakhale fizi yake ikhale yotsika.

Kaphunziridwe kali pa mitundu inayi, ndipo uliwonse uli ndi mtengo wake wobisika. Makalasi a madzulo amaoneka abwino papepala, koma amene anayesapo kuchoka ku City Centre nthawi yoweruka kupita ku Old Town amadziwa kuti ola loyamba la phunziro limathera mumsewu, ngakhale misewu ina yakulitsidwa. A Loweruka ndi Lamlungu amakulandani maliro, zinkhoswe ndi mapemphero kwa zaka ziwiri. A block release, amene mumasonkhana sabata imodzi kapena awiri motsatizana, ndi amene ine ndimawakonda, chifukwa bwana amavomera mosavuta tchuthi chodziwika masiku ake kusiyana ndi kumakuonani mukuzemba masana tsiku ndi tsiku; koma ngati akuchitikira ku Blantyre, muwerengere ulendo wa makilomita oposa 300 pa msewu wa M1, malo ogona ndi chakudya. A pa intaneti samakuchotsani panyumba, komabe amafuna munthu wodzilamulira yekha, magetsi odalirika ndi bandulo yokwanira mwezi wonse.

Chachinayi: ndalama

N'zochititsa manyazi kuti ife amene timakonzera anthu ena bajeti timalowa sukulu tili ndi fizi ya semesita yoyamba yokha, zotsalazo n'kumati zidzaoneka. Lembani bajeti ya pologalamu yonse monga mmene mungalembere ya polojekiti ya kuntchito: fizi, ndalama zolembetsera chaka chilichonse, mayeso obwereza, maulendo, intaneti, ndalama zoyendetsera kafukufuku, kusindikiza ndi kumanga thesis (buku la kafukufuku wanu), komanso chindapusa chimene sukulu zambiri zimalipiritsa munthu akapitirira nthawi yoikika.

Ngati fizi ili mu madola kapena mapaundi, chenjerani kawiri. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene amayenera kulipira $1,000 anagona akufuna K1.18 miliyoni n'kudzuka akufuna K1.7 miliyoni, malipiro ake ali pomwepo. Kuwonjezera apo, kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsani ndalama zakunja tsiku lomwelo. Pitani ku banki ndi invoisi ya sukulu ndi kalata yokulandirani masabata angapo tsiku lomaliza kulipira lisanafike, ndipo lemberani sukuluyo kuiuza kuti pempho lanu lili pamzere, chifukwa sukulu zakunja zimatseka akaunti ya wophunzira osafunsa chifukwa.

Kampani ikavomera kukulipirirani, kawirikawiri imakusainitsani bondi yakuti mudzagwira ntchito zaka zakutizakuti mukatsiriza, apo ayi mubweze ndalamazo. Werengani bondiyo modekha ngati mmene mumawerengera kontirakiti ya munthu wogulitsa katundu, makamaka ndime yonena zimene zidzachitike mukalephera phunziro limodzi, mukachedwa kutsiriza, kapena kampaniyo ikakuchotsani ntchito yokha. Ogwira ntchito m'boma adzere kwa akuluakulu a unduna wawo ndi dipatimenti yoona za ogwira ntchito ku Capital Hill asanayambe, kuti pepalalo lidzawerengedwe pa nthawi yokwezedwa. Mwayi wa sikolashipu uliponso: Chevening imatumiza anthu ku United Kingdom kwa chaka chimodzi ndipo imafuna zaka ziwiri zogwira ntchito, Commonwealth ili ndi gawo la ophunzira patali amene safunika kusiya ntchito, ndipo Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ngongole ikakhala yosapeweka, yambirani ku SACCO ya kuntchito kwanu. Za katapila musaziganize n'komwe, chifukwa akauntanti wokhala ndi ngongole yotero amayamba kuyang'ana bokosi la petty cash ndi diso lina.

Chachisanu: uzani bwana, uzani akunyumba

Ena amabisa sukulu poopa kuti abwana aganiza kuti akufuna kuwalanda mpando kapena kuthawa ntchito. Chobisikacho chimaululika pa tsiku loipa, pamene mayeso agundana ndi msonkhano wa bodi. Lembani kalata yaifupi, muphatikize pepala lanu la kalendala lija, ndipo musonyeze amene adzagwire ntchito yanu masiku amene kulibe. Izi zikutanthauza kuti miyezi iwiri kapena itatu musanayambe, muphunzitse wachiwiri wanu kuyendetsa payroll ndi kutumiza misonkho pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA, popanda kukuimbirani foni. Mawu onga akuti, "Bwana, ndabwera kudzapempha nzeru, ndikufuna kuwonjezera sukulu koma ntchito isaime, ndipo nayi ndondomeko yake," amatsegula chitseko kusiyana ndi kungopereka fomu ya tchuthi.

Kunyumba nkhani yake ndi yomweyo. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, muwaonetse bajeti yonse, kuphatikizapo zimene ziime: mwina kumanga nyumba ku Area 49 kudikire, mwina thandizo lopita kumudzi lichepe. Mugwirizanenso za maliro ati amene mudzapite nokha ndi ati amene mudzatumize chipepeso, chifukwa nkhani imeneyi ikadzabuka mwadzidzidzi m'sabata ya mayeso imasiya chilonda pa chibale.

Za mapepala olembetsera sindichulukitsa mawu. Itanitsani transcript, chikalata cha zotsatira za mayeso anu, ku yunivesite yanu yakale msanga chifukwa imachedwa, tsimikizitsani makope a masatifiketi kwa Commissioner for Oaths, ndipo pemphani makalata a umboni awiri, ina kwa mphunzitsi wanu wakale ndi ina kwa bwana, muwapatse nthawi yokwanira yolembera.

Chachisanu ndi chimodzi: kuphunzira kwenikweniko

Chimene chimadabwitsa akauntanti ambiri m'semesita yoyamba ndi chakuti luso lawo lowerengetsa silikwanira. Kuntchito yankho limakhala limodzi, ndipo mabuku akagwirizana ndiye kuti ntchito yatha. Ku masters mphunzitsi amafuna kuti mufotokoze chifukwa chake muyezo wa kalembedwe ka malipoti a zachuma, monga IFRS, unalembedwa momwemo, amene akuutsutsa akuti chiyani, ndipo inuyo mukuima pati. Mwachitsanzo, sikokwanira kudziwa kuti IFRS 16, imene inayamba kugwira ntchito mu 2019, inalowetsa mapangano a lendi ambiri m'buku la katundu ndi ngongole za kampani. Adzakufunsani mmene zimenezo zinasinthira maonekedwe a ngongole za kampani imene imachita lendi nthambi zake zonse, ndiponso ngati banki yoibwereka ndalama iyenera kusintha kaonedwe kake. Apa ndi pamene wogwira ntchito amapambana wophunzira wongochoka kumene pa digiri yoyamba, chifukwa zitsanzo ali nazo pa desiki. Wa ku banki wakhala akulimbana ndi IFRS 9 kuyambira 2018, wa inshuwalansi ndi IFRS 17 kuyambira 2023, wa m'boma ndi miyezo ya maboma ya IPSAS pamodzi ndi IFMIS, njira ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndipo tonsefe tikuyembekezera IFRS 18 imene idzalowe m'malo mwa muyezo wakale wa IAS 1 kuyambira Januwale 2027.

Nthawi yowerenga muipatule m'mamawa. Ine ndinkadzuka 4 koloko, kuika ketulo pa mbaula magetsi akakhala kuti palibe, n'kuwerenga maola awiri ana asanadzuke, chifukwa madzulo mutu umakhala wodzaza ndi manambala a kuofesi. Koperani zowerenga zonse pa laputopu muli kuntchito kapena pamalo pamene intaneti ili yamphamvu, ndipo kuyambira sabata yoyamba sungani mabuku ndi nkhani zonse zimene mwawerenga mu pologalamu ngati Zotero, kuti musadzavutike kufunafuna kumene munatenga mfundo. Musakopere ntchito ya munthu wina, kaya ya pa intaneti kaya ya amene anatsiriza chaka chatha, ndipo musalembetse kwa anthu amene amadzitsatsa pa WhatsApp. Sukulu zambiri zimadutsitsa ntchito mu Turnitin, pologalamu yogwira zokopera, ndipo kwa munthu amene ali membala wa ICAM, mlandu wa chinyengo kusukulu ungathe kufika mpaka ku bungwe lake.

Chachisanu ndi chiwiri: kafukufuku, pamene ambiri amatitimira

Makalasi ali ndi tsiku loyamba ndi lomaliza, ali ndi anzanu okukumbutsani ndi mphunzitsi wokudikirani. Kafukufuku alibe zonsezi, ndipo n'chifukwa chake mu Lilongwe muno muli anthu ambiri amene amati "ndinatsala ndi thesis yokha" kwa zaka zisanu. Yambani kuganizira mutu m'semesita yoyamba, ndipo pausankha funso loyamba lisakhale lakuti ndi wosangalatsa bwanji, koma lakuti uthenga wake, ndiko kuti manambala ndi mfundo zoti musanthule, mudzautenga kuti.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Mutu wanga woyamba unali wokhudza njira zotetezera ndalama m'mabungwe ena, ndipo ndinasindikiza mafomu a mafunso n'kuwagawa ndekha ofesi ndi ofesi pa nthawi ya nkhomaliro. Olandira alendo ankandimwetulira n'kuika fomuyo m'dilowa. Ndikabwerera ankati abwana ali kumsonkhano ku Salima, sabata yotsatira ankati nkhaniyo yapita kwa loya, ndipo itatha miyezi inayi ndinali ndi mafomu ochepa kwambiri moti sakanandithandiza kanthu. Ndinayenera kuzindikira poyamba pomwe kuti palibe mkulu wa zachuma amene angalembe papepala zofooka za bungwe lake n'kupatsa mlendo, pakuti ineyo sindikanachita zimenezo. Ndinasintha mutu n'kugwiritsa ntchito malipoti a pachaka a makampani a pa Malawi Stock Exchange, amene lamulo limawakakamiza kufalitsa, ndipo ntchito imene inakanika m'miyezi inayi inayamba kuyenda m'masabata atatu.

Uthenga wopezeka poyera ndi wochuluka kuposa mmene ophunzira amaganizira. Kuwonjezera pa malipoti a makampani onga Illovo, Press Corporation, National Bank, Standard Bank, NICO, Airtel ndi TNM, pali malipoti a Auditor General opita ku Nyumba ya Malamulo, zofalitsa za Reserve Bank of Malawi, ndi zikalata za bajeti ya boma. Ambiri amakopeka ndi nkhani ya Cashgate ya 2013, imene kafukufuku wa kampani ya maodita ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Nkhaniyo ndi yofunika, koma mutu wakuti mufufuze katangale m'boma lonse ndi waukulu kuposa munthu mmodzi wowerenga m'mamawa. Uchepetseni kufika pa funso limodzi loyankhika, monga kuona ngati zofooka zimene Auditor General amatchula m'makhonsolo zimabwerezedwa chaka ndi chaka, komanso ngati zasintha chikhazikitsireni Public Finance Management Act ya 2022. Mukafuna kugwiritsa ntchito manambala a kuntchito kwanu, pezani chilolezo cholembedwa ndi kusainidwa, chifukwa lamulo la kusunga chinsinsi limene munalonjeza monga akauntanti silikuima chifukwa chakuti mwakhala wophunzira. Kafukufuku wofunsa anthu amafunanso chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, ya kusukulu kwanu kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo icho chimatenga masabata amene muyenera kuwaika pa kalendala.

Supavaiza wanu, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, ali ndi ophunzira ambiri, makalasi ndi ntchito zake zina, choncho musadikire kuti akufunefuneni. Mutumizireni chaputala chimodzi panthawi, osati buku lonse, ndipo mukatha kukumana lembani imelo yaifupi yofotokoza zimene mwagwirizana ndi tsiku limene mudzatumize zokonzazo. Akakhala chete masabata awiri, akumbutseni mwaulemu; akakhala chete miyezi iwiri, pitani kwa woyang'anira pologalamu muli ndi maimelo aja m'manja. Sungani tchuthi chanu cha pachaka kuti mudzachitenge chonse pa nthawi yosanthula manambala ndi kulemba chaputala chachinayi ndi chachisanu, chifukwa gawo limeneli silitheka ndi maola awiri a m'mamawa. Ntchito yanu muziisunga malo atatu: pa laputopu, pa flash ndi pa imelo.

Mukaima pamaso pa oyesa n'kupambana, adzakupatsani mndandanda wa zokonza ndi nthawi yake. Zikonzeni sabata yomweyo mutu udakali wotentha, musanabwerere ku mulu wa ntchito umene wakudikirani, kenaka mumange makope amene sukulu ikufuna, mulipire zonse zotsala ndi kusainitsa fomu ya clearance kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa ovala gauni. Satifiketi ikatuluka, perekani kope yotsimikizidwa ku ofesi ya HR kuti ilowe m'fayilo yanu, ndipo maola a maphunzirowo muwalembe pa fomu yanu ya CPD, yolembapo maphunziro owonjezera luso, ya chaka chimenecho ku ICAM kapena ku ACCA.